Mapichesi a ku Bvumbwe: zokambirana pa gulu la Ana a ku Chigwa

Mayi a Tadala (Nchalo): Moni nonse muno. Zithunzi ndaponya m'mawa zija anthu mwandidzadzira ku inbox kuti ndi kuti kumeneko, ndiye ndingoyankhira pompano kamodzi. Ndi ku Bvumbwe ku Thyolo, munda wa mapichesi wa bambo ena ake ndi akazi awo, tinapita Loweruka ndi amayi anzanga a banki m'khonde. Tinanyamuka pa Nchalo kudakali mdima, kuwoloka Shire pa Kamuzu Bridge, Thabwa, kukwera zitunda zija mpaka Blantyre, kenako Limbe n'kutenga msewu wa ku Thyolo wodzera pa Chigumula. Tinatsika pamsika wa Bvumbwe paja pamadzadza kabichi ndi tomato, n'kukwera njinga zamoto kulowa mkati. Abale inu kamphepo kake! Novembala yemweyu ife kuno tikugona pakhonde chifukwa m'nyumba simukulowedwa, koma kumeneko ndinachita kufunda chitenje chachiwiri mpaka dzuwa litakwera.

Mayi a Tadala (Nchalo): Mitengo yake si yaitali ngati mango ayi, amaidulira dala kuti pakati pakhale poyera dzuwa lizilowa, moti munthu umathyola uli chiimire osakwera. Anatipatsa timabasiketi aliyense n'kutiuza kuti thyolani nokha tikayeza kushopu. Pichesi sumakoka, umaligwira m'dzanja lonse n'kulipotoza pang'ono, likakhwima limachoka lokha, ukaona likukana ulisiye. Ndipo mayi aja anatiletsa kudina ndi chala poyesa kupsa, akuti pamene wadinapo mawa pamakhala patada.

Dalaivala wa Sienta: Kkkk amayi mwapita ulendo wonsewo osandiuza ine? Galimoto ili pano ikungodya dzuwa pa Dyeratu.

Mayi a Tadala (Nchalo): Achimwene tinalipo ambiri, mu Sienta yanuyo tikanakhalirana pamiyendo mpaka Thyolo?

Sisi Fane (Limbe): Mwadutsa pakhomo panga osaima, Mulungu akukuonani. Koma mwagula bwanji? Kuno ku Limbe amayi amagulitsa pamulu, ting'onoting'ono tolimba tija, ukaluma mano amachita dzanzi.

Mayi a Tadala (Nchalo): Asisi mtengo ndikuuzani ku inbox, ndikalemba pano ena akandinenera kwa bambo a Tadala kkk

Ankolo Jeke (Ngabu): Za inbox zomwezo ayi, gulu ndi lino. Koma ine funso langa ndi lina. Njere mwabwera nazo? Ndikufuna ndidzale kuseri kwa khola la mbuzi, manyowa alipo ambiri, mjigo uli pafupi. Chilichonse chimamera kuno ku chigwa bola madzi.

Alangizi Opuma (Chikwawa): Ankolo musavutike ndi madzi anuwo. Pichesi vuto lake si madzi kapena manyowa, ndi kuzizira. Mtengo umene uja umayoyola masamba onse mu Juni ndi Julayi n'kukhala ngati wauma, ndipo nthawi imeneyo umafuna maola ambiri ozizira, cha m'ma 7 digiri kapena pansi pake, kuti maso ake adzuke bwino. Ukapeza kuzizirako, cha mu Ogasiti umachita maluwa a pinki masamba asanatuluke, zipatso n'kumapsa kuyambira Okutobala mpaka cha mu Disembala. Ukapanda kukupeza umaphuka mwa apo ndi apo, nthambi zina masamba zina mbee, maluwa pang'ono omwewo n'kuthothoka. Bvumbwe ili pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pomwe palekeza nyanja yamchere. Ife chigwa chino ndiye pansi penipeni pa Malawi, kumene Shire amatulukira kulowa Mozambique kumunsi kwa Nsanje ndi mamita 37 okha. Inuyo ku Ngabu mukudziwa nokha kuti Okutobala amadutsa 40 digiri. N'chifukwa chake mapichesi mumawamva ku Dedza, ku Tsangano ku Ntcheu, kumapiri a Neno, ku Thyolo ndi ku Zomba, osati kwathu kuno.

Ankolo Jeke (Ngabu): Alangizi inu munkanenanso zomwezi pa nkhani ya kabichi, koma anthu akulima kabichi kudimba m'nyengo yozizira ndipo akudya.

Alangizi Opuma (Chikwawa): Kabichi ndi wa miyezi itatu ankolo, mumamuzembetsa mu Meyi kutentha kusanabwere n'kukolola. Mtengo mukauzembetsa bwanji, ukhala pompo chaka chonse. Kumera ukhoza kumera ndithu, mthunzi mupeza, koma chipatso musawerengere.

Nyamasau (Bangula): Ine ndikungowerenga ndikuseka. Anthu kukwera mapiri, kulipira thiransipoti, kukazizidwa, chifukwa cha chipatso chaubweya choyabwa pakamwa chija? Masau tili nawo kuno osathirira, osadulira, osapopera, mbuzi zimadzala zokha. Malambe ali mbwee kuyambira Ngabu mpaka Bangula. Bwemba anawo amachita kuponda.

Mayi a Tadala (Nchalo): Ubweyawo umatsuka achemwali kapena kupukuta ndi nsalu basi. Ndipo zimene mumadya za pamsika zolimba zija si zimene tinadya ife. Lakupsera mumtengo ukaluma madzi amatsika mpaka pachigongono, fungo lake lokha m'munda monse. Anatidulira mitundu iwiri, ina ukang'amba pakati njere imachoka yokha mbee, ina mnofu umamatirira kunjere mpaka uchite kuseteka. Yomatirirayo ndi imene amati imalimba paulendo komanso ndi yomwe amaika m'mabotolo.

Mayi a Tadala (Nchalo): Komatu chimene chandisowetsa tulo ine si mitengo, ndi kashopu kawo kaja. Kanyumba kamodzi kakang'ono pageti, kopaka laimu, pansi pa simenti posesa bwino, mashelefu a matabwa wamba. Pakhomo sikelo yolendewera. Mapichesi awasankha patatu, akuluakulu opanda banga ali m'makatoni mzere umodzi umodzi atayala mapepala pansi, apakati ali m'mabeseni a pamulu, ndiye otsala aja obanduka, ojompha mbalame, opsa kwambiri, amene ife tikanataya kapena kupatsa nkhumba, onse amalowa kukhitchini kuseri. Kumeneko mwana wawo wamkazi anali atakhala pampando ndi mpeni kuchotsa moola, poto wamkulu ali pambaula akubwata, akuvundula ndi mthiko wautali, mabotolo awiritsa kale awavundikira pansalu yoyera. Jamu ameneyo ali pashelefu ndi kapepala kolemba tsiku lomwe anaphika. Pambali pali uchi wa ming'oma yawo yomwe ili m'mundamo, mazira, mbande za mitengo m'machubu, ndi tiyi amakuphikira pomwepo ndi sikono yopaka jamu yemweyo kuti ulawe. Ukalawa basi chikwama chatseguka chokha. Palibe mwa ife anatuluka chimanjamanja, ngakhale amayi ena ake amene ananena m'minibasi kuti iwo angokaona.

Aphunzitsi (Fatima): Ndiye mufunse kuti shuga wa mu jamuyo wachokera kuti kkkk

Mayi a Tadala (Nchalo): Aphunzitsi mwandilanda mawu! Mapaketi a Illovo ali pakona mulu. Ndinawauza mayiwo kuti shugayu ndi wakwathu, mzimbe wake umadulidwa kuseri kwa nyumba yanga, iwo kuseka amvekere ndiye theka la botolo ndi lanu kale. Zoona, akuti jamu amalowa shuga pafupifupi kulemera kofanana ndi zipatso, ndi madzi a mandimu pang'ono kuti agwire.

Aphunzitsi (Fatima): Ndiye onani. Shuga akwera phiri kuchokera ku Nchalo, akakumana ndi pichesi ku Thyolo, inu mwamulondola n'kumugulanso ali m'botolo n'kutsika naye. Pamene mango a kuno mu Disembala amaolera pansi pa mtengo ntchentche zili ng'waa, shuga ali pakhomo.

Nyamasau (Bangula): Apa ndiye mwayamba kuyankhula. Ndi zomwe ndimanena ine.

Sisi Fane (Limbe): Ayi simumanena zimenezo, inu mumanyoza pichesi kkk. Koma zoona, juwisi wa malambe kuno m'mashopu akuluakulu ali m'mafiliji ndipo anthu amagula, ufa wa malambe uli m'mapaketi. Malambewo amabwera ndi matumba kuchokera komweko ndi ku Mwanza, Neno, Mangochi. Ife timagulitsa thumba lathunthu kwa mavenda pamsewu, iwo akatsanula m'timabotolo ndalama yabwerera kangapo.

Ankolo Jeke (Ngabu): Masau ife tinawapezera kale ntchito, musatinamize kuti sitidziwa kuwonjezera phindu.

Adimini: Ankolo za kachasu muno ayi, muli azibusa ndi ana asukulu.

Ankolo Jeke (Ngabu): Ine sindinatchule kanthu adimini, mwatchula ndinu.

Mjoni wa ku Tengani: Moni kumudzi. Kuno ku South Africa zoterezi n'zambiri, mafamu a zipatso ku Western Cape amakhala ndi shopu pamsewu, anthu Loweruka amapita ndi ana kukathyola okha n'kulipira. Amagulitsa zouma, jamu, buledi, khofi. Mwini famu sadikira venda kuti amuuze mtengo. Koma tinene zoona, amene amapita kumeneko ndi anthu a magalimoto awo. Kwathu ku Tengani ndani angaime kugula jamu? Munthu akusaka ya chigayo.

Mayi a Tadala (Nchalo): Zimenezo ndinafunsa achimwene. Bambo aja anati makasitomala awo ambiri ndi a ku Blantyre ndi Limbe, poti m'pafupi, ena ndi opita ku Mulanje amapatuka. A m'mudzi momwemo amagula a pamulu otchipa aja ndi mbande. Ndiye si kuti aliyense amagula chilichonse ayi.

Dalaivala wa Sienta: Nanga M1 yathuyi simudutsa magalimoto? Loweruka lililonse ndimaona azungu ndi mabwana a mtauni akupita ku Majete ndi ku Lengwe, a mabungwe ndiye tsiku ndi tsiku kupita ku Nsanje. Amaima pa Thabwa kapena pa Dyeratu kugula chiyani, madzi ndi kanyenya basi. Pakanakhala kamalo kaukhondo, mthunzi, chimbudzi chabwino, juwisi wa bwemba wozizira, ndikukuuzani aima. Ine pasenjala amandifunsa daily kuti malambe abwino tigula pati.

Aphunzitsi (Fatima): Inu a kutsidya mukunena bwino poti muli ndi tala. Ife kuno ku East Bank mvula ikangoyamba msewu wa ku Thabwa umakhala nkhani ina, mitsinje yochokera m'mapiri a Thyolo ikadzadza basi mwakhala. Chichokereni Freddy mu 2023 malo ena mpaka pano ndi movutikira. Chonsecho Thyolo yomweyo ife timaiona ndi maso kumtundaku, nthochi ndi mapeyala zimatsika ndi anthu pamutu kuchokera ku Thekerani.

Alangizi Opuma (Chikwawa): Ndiwonjezereko pa za jamu ndi juwisi musanathamange. Kugulitsa kwa anzanu pamudzi ndi zina, koma mukafuna katundu alowe m'mashopu akuluakulu pamafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, amabwera kudzaona pophikira, madzi amene mukugwiritsa ntchito, mabotolo ndi malebulo. Magulu ambiri amagwera pamenepo. Ndiye kutentha kwathu kuno juwisi wopanda filiji tsiku limodzi wayamba kuwira. Ine ndikanati muyambe ndi zouma. Dzuwa limene tikulidandaulali ndi limene a ku Thyolo alibe, iwo chiperoni chikagwa sabata yathunthu chinthu sichiuma. Mango osenda, odula mopyapyala, pathandala lokwera lotchinga ndi neti kuti ntchentche ndi fumbi zisafike, amauma bwinobwino ndipo amakhala miyezi. Masau ndiye makolo athu akhala akuyanika kuyambira kale.

Mayi a Tadala (Nchalo): Alangizi pa ntchentche pomwepo. M'mitengo muja munali mabotolo a pulasitiki olendewera, oboola m'mbali, mkati muli timadzi ndi tintchentche takufa. Bambo aja akuti mdani wamkulu wa pichesi ndi ameneyo, kantchentche kamaboola khungu n'kuikira mazira, kunja chipatso chikuoneka bwinobwino koma ukang'amba mphutsi zili yakaliyakali pafupi ndi njere. Ndipo pansi pa mitengo panalibe chipatso chakugwa ngakhale chimodzi, ana amatola m'mawa uliwonse.

Alangizi Opuma (Chikwawa): Eya, ndipo ntchentche za mtundu womwewo ndi zimene zimaononga mango athu. Mphutsi ija chipatso chikagwa imatuluka n'kulowa m'dothi, masiku angapo yasanduka ntchentche ina. Ndiye mukasiya mango akugwa pansi mukuweta. Kutola n'kukwirira dzenje lakuya, kapena kumanga m'jumbo lakuda n'kuika padzuwa, mwadula mzere. Izi ndiye mungatengere kuno osati njere za ankolo.

Sisi Fane (Limbe): Ine pichesi ndinasiya kudya mumdima chifukwa cha zomwezo.

Nyamasau (Bangula): Nanga masau alibe mphutsi? Timangodya osayang'ana, ndi ndiwo yomweyo kkkk

Mayi a Chikondi (Nchalo): Ndabwera mochedwa bandulo inatha. Ine ndinali nawo paulendowu. Mayi a Tadala simunanene za pobwerera. Anzathu ena anakana katoni amvekere ndi yodula, anathira mapichesi akupsa m'thumba la saka n'kuika pansi pa mpando, wina n'kuikapo mwendo. Titangotsika zitunda kufika pa Thabwa kutentha kwatilandira, fungo m'minibasi monse, pofika pa Nchalo thumba likudontha, njuchi zatilondola mpaka pasiteji, kondakitala kukalipa kuti mwandipakira galimoto. Atamasula munali phala lokhalokha.

Mayi a Tadala (Nchalo): Dzina sititchula, ali muno akuwerenga mwakachetechete kkkkk. Koma mayi a kumunda aja anachenjeza ndithu, anati inu a ku chigwa tengani oyamba kumene kusintha mtundu, achikasu koma olimba, muwayale osasanjikiza, akafewera kwanu. Okhawo obiriwira ayi, amenewo amangofota osatsekemera. Anga ndinatero ndipo afika bwino, koma kuno sachedwa, masiku awiri atatu afewa onse nthawi imodzi, moti ana adya mpaka akana okha.

Mjoni wa ku Tengani: Ndiye mbande munagula? Ndikufuna nditumize ndalama mayi akadzale kumudzi.

Mayi a Chikondi (Nchalo): Bambo aja anakana kutigulitsa za mapichesi titanena kuti ndife a ku Nchalo, amvekere ndalama zanu ndizifuna koma mudzanditukwana. Anatipatsa za mango omezanitsa ndi mandimu. Anationetsanso mmene amamezanitsira, kampeni kakuthwa, kudula kanthambi ka mtengo wobereka bwino n'kulowetsa pa kamtengo komera ndi njere, kumanga ndi kapulasitiki. Akuti ukadzala njere chabe sudziwa chimene chidzabereke, mwina tolimba towawasa tija, ndipo iwo luso analitengera kwa anthu a pa Bvumbwe Research pomwepo.

Alangizi Opuma (Chikwawa): Munthu wachilungamo ameneyo. Ku Bvumbwe Research ndi kumene boma limayesera za zipatso ndi ndiwo zamasamba kuyambira kale, ife tili pantchito mbande zambiri tinkakatenga kumeneko. Kuno kwathu za kafukufuku zili ku Kasinthula ndi ku Ngabu, mukafuna kudziwa mtengo woyenera dothi lanu yambani mwafunsa alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA). Mango omezanitsa zaka zitatu kapena zinayi mwayamba kudya, ndipo ngalande yaikulu ikuchokera ku Kapichira ija madzi akadzafika m'minda anthu adzafuna mbande zambiri, amene aphunzire kumezanitsa pano adzadya bwino. Chinanso, ana asamaswe njere za pichesi n'kudya za mkati zowawa zija, muli poizoni wa mtundu umene umapezeka mu chinangwa chowawa.

Ankolo Jeke (Ngabu): Ngalande imeneyo tinayamba kuimva liti alangizi, ena adzafa asanaone dontho.

Adimini: Za ngalande tinakambirana kale sabata yatha mpaka anthu kutulutsana m'gulu, tisabwererenso. Tiyeni pa mapichesi pomwepa. Alipo amene akufuna ulendo wina sizoni isanathe? Alembe maina, Dalaivala atiuze mtengo wa galimoto poyera osati ku inbox.

Dalaivala wa Sienta: Mtengo ndinena mawa ndikaona za mafuta. Koma ndikunena pano, thumba la saka m'galimoto mwanga ayi.

Nyamasau (Bangula): Ndilembeni. Osati chifukwa cha pichesi, ndikufuna ndikaone poto wa jamuyo ndi maso anga, ndipo nditenga bwemba ndi malambe ndikawafunse mayiwo ngati angaike pashelefu pawo tigawane. Amene muli ndi mabotolo a mayonezi opanda ntchito musataye, ndiyamba kutolera.

Sisi Fane (Limbe): Ine mundipeza pa Limbe, ulendo uno mukadutsa osaima ndituluka m'gulu. Anyamasau malambe mubwere nawo ambiri, anzanga a kuntchito amandivutitsa.

Aphunzitsi (Fatima): Ine ndizidikira pa Thabwa ngati mvula siinagwe. Ndikufuna ndikafunse ngati amalola ana asukulu, ana athu amaphunzira za kumezanitsa mitengo pabolodi chabe osaonapo.

Mayi a Tadala (Nchalo): Amalola aphunzitsi koma muziwaimbira kaye, Lamlungu satsegula. Nambala ndapereka kwa adimini.

Ankolo Jeke (Ngabu): Alangizi, mdzukulu wanga waona pa intaneti kuti njere ya pichesi ukaiika mufiliji miyezi iwiri itatu imamera. Ndi zoona?

Alangizi Opuma (Chikwawa): Kumera imera ankolo. Nanga mtengowo mudzaulowetsanso mufiliji chaka chilichonse?

Ankolo Jeke (Ngabu): Zimenezo tidzaona patsogolo. Mayi a Tadala njere zanu musataye, ndituma mnyamata wa kabaza Lachitatu. Ndakambirana kale ndi wa grocery pa Ngabu, akuti pansi pa mafanta pali malo.